Ahedi Amene Ankatsimphina

Patangopita miyezi yochepa bambo anga atamwalira, mnzanga wa kuntchito anandiitana ku chinkhoswe cha mchemwali wake ku Nsipe. Sindinkafuna kupita, koma anandikakamiza. Titafika, iye anatanganidwa ndi alendo, ine n'kutsala ndekha pakati pa anthu amene sindinkawadziwa.

Ndinakakhala kumapeto kwa benchi pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi zokuzira mawu. Pabenchipo panali azibambo awiri achikulire, akumwa thobwa. Ankakambirana za ahedi ena amene anaphunzitsako kalekale pasukulu ina ya kufupi ndi Manjawira.

"Munthu uja anali wankhanza," anatero bambo wovala chipewa. "Ine sukulu ndinasiya chifukwa cha iyeyo. Ukangomuona akutsimphina kubwera, unkafuna pobisala."

Bambo anga anaphunzitsako kumeneko ine ndisanabadwe, ndipo ankatsimphina. Ndinaganiza zonyamuka, koma m'malo mwake ndinawayandikira.

"Pepani abambo, ndalowerera nkhani yanu," ndinatero. "Ahediwo ankatsimphina mwendo wamanzere?"

Onse awiri ananditembenukira.

"Eya. Mumawadziwa, amayi?"

"Ndi bambo anga. Tawaika m'manda chaka chomwe chino."

Bambo uja anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Mnzakeyo anayamba kupepesa, akuti zinali nkhambakamwa chabe, koma ine ndinawapempha kuti apitirize. Chimwalirireni bambo, aliyense ankangondiuza zabwino zokhazokha, moti ndinayamba kumva ngati tinaika munthu wina.

Bambo wachipewayo analankhula pang'onopang'ono, maso ali pansi. Anati ali mwana ankayamba wakatsegulira ng'ombe asanapite kusukulu, choncho ankachedwa. Tsiku lina ahedi anamukwapula pamaso pa sukulu yonse mpaka kabudula anang'ambika, atsikana akuona. Sanabwererekonso. Moyo wake wonse wakhala akugulitsa mbatatesi pa Lizulu.

"Sindinganame chifukwa choti apita," anatero. "Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe. Koma inu mulibe mlandu."

Bambo amene ndinkawadziwa ine anali ofatsa, sanandimenyepo ngakhale kamodzi. Komabe ndinadziwa kuti munthuyu sakunama.

"Pepani," ndinatero. Sindikudziwa ngati ndinali ndi ufulu wopepesa m'malo mwawo.

Bambo wachipewa uja anagwedeza mutu. Kenaka anandifunsa kuti bambo anga anadwala chiyani, ndipo ngati anavutika. Ndinamufotokozera zonse, za kuchipatala, za masiku amene sankathanso kundizindikira, zinthu zimene ndinali ndisanauzepo munthu aliyense. Anamvetsera osandidula. Uku ng'oma zinkalira, azimayi akululutira, ife atatu tidakali pabenchi paja.

Dzuwa litapendeka bambo wachipewa uja anandiperekeza kumsewu, ndipo anadikira mpaka minibasi itabwera. Dzina lake sindinafunse. Amayi anga atandifunsa za chinkhoswecho, ndinangowauza kuti chinayenda bwino.