Njinga Zopindika za a Mailosi

Kuseri kwa msika wa Lirangwe kunali mtengo wa mango umene ana ankati umabala njinga. Pa nthambi zake pankalendewera njinga zopindika, ina yopanda chishalo, ina wilo lake litakwinyika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe. Pansi pa mtengowo ndi pamene pankakhala a Mailosi, okonza njinga.

Ine ndinkagulitsa zitumbuwa tsidya lina la njira, moyang'anizana nawo. Sindine munthu wolankhulalankhula. Ngakhale kusukulu, kumene ndinalekezera Fomu 2, aphunzitsi ankaiwala kuti ndilimo m'kalasi. Choncho a Mailosi ndinawadziwa ndi maso ndi makutu okha kwa zaka zambiri.

Anali Mlomwe wa mpingo wa Katolika, wamfupi, ndipo dzanja lawo lamanzere linalibe zala ziwiri. Zalazo zinatsala kumigodi ya ku Joni. Ankakonda kuuza makasitomala awo kuti ndege ya Wenela inawanyamula pa Chileka ali athunthu, koma inawabweza atachepako. Kumgodiko anawalipira chifukwa cha zalazo, ndipo ndi mmene anagulira masipanala ndi mpope. Chimene chinawadabwitsa moyo wawo wonse ndi choti sanakangane ndi munthu. Kapitawo sanatulutse kanthu m'thumba mwake. Kunali kampani ina, ya inshuwalansi, imene inalandiriratu ndalama za ngozi ngoziyo isanachitike. Nkhani imeneyi sinkawachoka m'mutu. Dalaivala aliyense wa lole akaima kuti amwe tiyi, a Mailosi ankamupanikiza ndi mafunso: loleyi ikagunda munthu amalipira ndani, nanga ikagunda mbuzi, nanga dalaivala akathawa.

Njinga wamba ankaikonza mwachangu mwiniwake ali chiimire. Koma ikabwera njinga yochokera pangozi ya pamsewu, ankanyonyomala n'kumaiyang'ana nthawi yaitali, osaikhudza ndi sipanala, kenako n'kuikoleka mumtengo. Izi n'zimene ndinkafuna kumvetsa, koma manyazi sankandilola kufunsa. Anthu anali ndi yankho lawo: ankati eni njingazo, amene ena anali atamwalira, amazikwera usiku kukawatutira a Mailosi chimanga m'nkhokwe za eni. Iwo akamva ankangoseka.

“Akanakhala kuti amakwera, bwenzi atabwera kudzandipempha mpope. Mwaona matayalawo?”

Masiku amenewo palibe amene ankafuna nkhani za kupolisi kapena kukhoti. Pachipata cha msika pankaima a Yufi kufunsa makadi a chipani, ndipo munthu wokhala ndi malole sunkadziwa kuti amadyera limodzi ndi ndani. Tinkangoti zimene zachitika zachitika.

Amuna anga, Che Chande, ankagula matemba ku Mdeka n'kumagulitsa m'midzi ya ku Chigaru pa njinga. Tsiku lina m'mawa, m'chaka cha 1986, lole yobiriwira yonyamula mchenga inawagunda akubwerera ku Lirangwe. Anamwalira pomwepo, ndipo apolisi atamaliza zawo tinawaika tsiku lomwelo, monga timachitira Asilamu. Mwini lole anatumiza munthu ndi thumba la chimanga ndi mawu opepesa. Munthuyo ananenanso zimene dalaivala anauza apolisi: akuti Che Chande anatulukira mwadzidzidzi m'kanjira ka m'mbali n'kudutsa kutsogolo kwa lole, ndipo akuti ankanunkha kachasu. Panalibe wina amene anaona. Amuna anga sanalaweko mowa chibadwire, koma mawu aja anayenda mudzi wonse. Mwana wanga Amadi anabwera ku madrasa akulira chifukwa anzake ankamutcha mwana wa chidakwa.

Alamu anga, Che Fikirini, mng'ono wa malemuwo, anatenga njinga ija kupita nayo kwa a Mailosi. Sanali ndi mtima woipa. Ankafuna apitirize malonda a matemba kuti ana anga ndi awo adye, ndipo pamtundu ponse njinga inali imodzi yomweyo. A Mailosi anaikoleka mumtengo. Alamu akapita, ankauzidwa kuti masipoko sanabwere, mawa lake kuti limu yasowa.

Ine nthawi imeneyo sindinkatuluka, chifukwa mkazi wachisilamu amuna ake akamwalira amakhala m'nyumba miyezi ingapo. Tsiku lina masana ndinamva “Odi” pabwalo. Ndinasuzumira pa nsalu ya pakhomo. Anali a Mailosi, atasenza njinga paphewa, thukuta lili kamukamu, ndipo kumbuyo kwawo kunali alamu anga akulalata.

“Achimwene, ndinati mukonze, sindinati muziyenda nayo m'midzi ngati mkwatibwi! Kalongonda mumadya Alomwe uja wakuzunguzani mutu eti?”

“Inu Ayao mumangodziwa kugulitsa,” anatero a Mailosi akutsitsa njinga. “Ndikanaisiya ndi inu bwenzi mutaigulitsa kale ndi matope ake omwe. Amake Amadi alimo?”

Achemwali a malemu, Abiti Sikina, amene ankakhala nane masiku amenewo, anayala mkeka pakhonde. Ine ndinakhala kuseri kwa nsalu.

“Amake Amadi, pepani ndi zovutazi,” anayamba a Mailosi. “Ndabwera kuti muione ndi maso anu ndisanaikhudze. Ndikangoiwongola, zimene ikunena zitha. Taonani kutsogoloku.” Anazungulitsa wilo lakutsogolo, ndipo linazungulira bwinobwino. Analiza belu, linalira. “Munthu akadutsa kutsogolo kwa lole, imamupeza m'nthiti. Felemu imapindikira m'mbali, pedulo imathyoka. Apa pedulo zonse zilipo. Tsono taonani kumbuyoku.”

Wilo lakumbuyo linali litakwinyika. Kaliyala, pamene ankamangapo dengu la matemba, anali atakankhidwira kutsogolo mpaka kulowa pansi pa chishalo. Pa madigadi panali penti yobiriwira.

“Che Chande ankayenda kumbali kwawo, akuyang'ana kwawo. Lole inawapeza kumsana.”

Ine mafunso amene ndinawasunga zaka zonse zija anayamba kutuluka okha, ndipo ndinadabwa kumva mawu anga.

“Nanga poti tinalandira chimanga chija, nkhani sinathe?”

“Chimanga n'chamaliro, mayi. Bola ngati simunadinde chala penapake kuti mwakhululuka zonse. Munadinda?”

“Ayi.”

“Musadinde.”

“Ndiye dalaivala uja alipira chiyani, poti nayenso ndi wosauka ngati ife?”

“Salipira iye. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu boma limati ikhale ndi inshuwalansi. Mwini lole analipira kale. Ndalamazo zimangodikira munthu woti afunse, koma kuno sitifunsa.”

“Sangatimange poti tikulimbana ndi anthu akuluakulu?”

A Mailosi anakanda mutu ndi zala zawo zitatu. “Kunama sindingakunamizeni, ine si loya. Ku Blantyre kuli maloya a boma othandiza anthu osauka. Ndinaperekezako bambo wina wa ku Mdeka amene anathyoka mwendo, ndipo tonse tinabwerako osamangidwa. Koma zimachedwa, ndipo nthawi zina sizitheka n'komwe.”

Abiti Sikina ndiwo anafunsa zimene tonse tinkaopa. “Ndalama zamagazi zimenezo? Tidye mchimwene wathu?”

“Zimenezo funsani a shehe anu. Ine ndimadziwa njinga.”

Alamu anga anali atakhala pansi, atagwira mutu. “Zonsezo ndamva,” anatero. “Koma alamu, ana adya chiyani mwezi uno? Njinga ili mumtengo siibweretsa matemba. Ndipo njingayi ndi ya pamtundu pathu, si ya a Mailosi.”

Ankanena zoona. Mwa mwambo wathu katundu wa mwamuna amabwerera kwa abale ake, ndipo ine ndinalibe mawu pa njingayo. Ufa m'nyumba unali utatsala wa chimanga cha mwini lole chomwe chija. Ndinakumbukira nkhope ya Amadi.

“Alamu,” ndinatero, “njinga ndi yanu, sindikukana. Koma dzina lija ndi la ana anga. Ikawongoledwa, bambo awo akhala chidakwa mpaka kalekale. Ndikupempha isakonzedwe.”

Che Fikirini anasendera pafupi ndi njingayo. Anatambasula dzanja n'kukhudza penti ija ndi chala.

“Achimwene anga ankakana ngakhale thobwa logonetsa,” anatero motsitsa mawu. Kenako anatembenukira kwa a Mailosi. “Ibwezeni mumtengo mwanumo, mfiti inu.”

Mawa lake a Mailosi anatumiza njinga yawoyawo kwa alamu, yakale, yolira ngati nkhanga, kuti azikatengera matemba. Iwo anayamba kupita kutchalitchi wapansi. A shehe titawafunsa anati ngakhale m'Chisilamu munthu akaphedwa mwangozi pamakhala dipo loperekedwa kwa ofedwa, ndipo kulandira si tchimo.

Miyezi yanga ya m'nyumba itatha, tinakweza njinga ija pamwamba pa basi, a Mailosi akukalipira kondakitala kuti asaisanjikize ndi matumba. Ku Blantyre loya wachitsikana anatimvetsera, anaijambulitsa, ndipo anapempha apolisi kuti aione pamodzi ndi lole ija. Ine ndinafunsa mafunso ambiri kuposa amene ndinafunsa kusukulu konse. Ndinaphunzira kuti nkhani zotere zili ndi nthawi yake, ukachedwetsa zimatha mphamvu, ndiponso kuti mkazi wamasiye ndi ana ali ndi ufulu wodandaula paokha.

Zinatenga nthawi yaitali, mvula inagwa n'kusiya, n'kugwanso. Dalaivala atafunsidwanso njinga ili patsogolo pake, anavomera kuti mabuleki anakana ndipo za kachasu anangopeka chifukwa cha mantha. A inshuwalansi anapereka chipukuta misozi chimene chinaphunzitsa Amadi mpaka Fomu 4. Koma tsiku limene ndimalikumbukira ndi Lachisanu limene alamu anga anaimirira panja pa mzikiti, anthu atatuluka ku Juma, n'kunena mokweza zimene dalaivala anavomera.

Njinga itabwerako, a Mailosi anawoloka njira kubwera pa zitumbuwa zanga.

“Amake Amadi, tsopano ndikonze?”

“Konzani.”

Anaimaliza dzuwa lisanafike pamutu. Alamu anabweza njinga yobwereka ija akudandaula kuti yawathera mafupa, a Mailosi n'kuwauza kuti ikununkha matemba moti amphaka aziwatsatira mpaka kutchalitchi.

Tsiku lomwelo ndinalimba mtima n'kufunsa za njinga zina zija zimene zinali zikulendewerabe.

“Eni ake akuganizabe,” anatero. “Ena amaopa, ena achibale anawakaniza. Iyo yakumapetoyo mayi amene anaibweretsa anati abwera akakolola. Ine sindikakamiza munthu. Ndimangosunga kuti akadzafuna kufunsa, apeze chofunsira.”

A Mailosi anamwalira chaka chatha, atadwala chifuwa. Ana awo anatenga masipanala ndi mpope, koma njinga yakumapeto ija anaisiya, chifukwa palibe amene ankadziwa mwiniwake. Ikadali pomwepo, dzimbiri lokhalokha. Ndikamakazinga zitumbuwa ndimaiyang'ana, ndipo ndayamba kuona kuti inagundidwa chakumanja, cha kumbuyo pang'ono. Mayi aliyense wachikulire akaima pafupi ndi mtengowo, ndimasiya chiwaya n'kupita kukamupatsa moni.