Mutu wa Ba Tembo m'manja mwanga

Ntchito ndinaipezera kutchalitchi. Nditasiya sukulu ndinkangoyendayenda m'komboni yathu ya Twapia, ndipo paliponse pamene pabuka ndewu dzina langa silinkasowa. Tsiku lina Misa itatha, amalume anandikokera kwa Ba Zulu, kapitawo wa kosungira feteleza kudera la mafakitale la Heavy Industrial. "Mphamvu ali nazo, koma amazithera pankhope za anthu," anatero. "Mpatseni matumba."

Ntchito yake inali kukweza matumba m'malole, kufunditsa tenti pamwamba, n'kukoka zingwe mpaka zilire. Mwezi usanathe ndinali nditamenyana kale ndi dalaivala. Ba Zulu sanandichotse. Ananditumiza kukaphunzira chithandizo choyamba, akuti manja angawa akaone zina.

Ankatiphunzitsa Ba Mwansa, nesi wopuma pantchito. Ankabwera ndi mafupa a munthu apulasitiki, opachikidwa pachitsulo. Mafupawo tinawatcha Ba Mulamu, chifukwa ankangoseka osagwira ntchito. Pamenepo ndinaona kuti chigaza ndi mbale yolimba yosunga ubongo, ndipo nthiti ndi khola lotchinga mtima ndi mapapo. Msana ndiye unandidabwitsa. Si fupa limodzi ayi. Ndi timafupa tosanjikizana kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, ndipo m'kati mwake mumadutsa mtsempha waukulu wolamula manja ndi miyendo.

"Fupa limapola," ankatero Ba Mwansa. "Mtsempha uwu ukaduka, basi. Munthu akagwa kuchokera pamwamba, gwira mutu, zigongono pansi, osasiya mpaka ambulansi ifike."

Tsikulo linafika masana, dzuwa likuswa. Ba Tembo, wamkulu wa gulu lathu, anali pamwamba pa lole akukoka chingwe cha tenti. Chinaduka. Anagwa chagada pasimenti. Ndinathamanga, ndinagwada kumutu kwawo, manja m'makutu mwawo uku ndi uku, zigongono pansi. Anali maso. Anati khosi likuwawa, zala zachita dzanzi, ndipo akapuma m'nthiti mukubaya.

Ifetu kuntchito munthu akagwa timamudzutsa, kumuthira madzi, kumukoka manja ndi miyendo kuti awongoke, kenako kumuponya m'takisi. Anzanga anabwera kudzachita zomwezo, patsogolo pali Gift, mng'ono wa Ba Tembo, yemwe tinkanyamula naye matumba.

"Choka apo, mwaiche, mwana iwe! Takisi ili pageti."

"Wina asawakhudze. Ba Zulu, imbani ambulansi!"

"Iwe, sukulu inakukana, lero wakhala dokotala? Akafera pano m'bale wanga, udzandiona!"

Anandiwomba mbama kukhutu. Khutu linalira, maso anachita mdima, thupi lonse likundiuza kuti dzuka. Gift ndi wowonda, chibakera chimodzi chikanamukwana. Koma zibakera zanga zonse ziwiri zinali zitagwira mutu wa mkulu wake. Kusiya dzanja limodzi lokha, mutu ukanapendekeka, ndipo Ba Tembo mwina sakanapondanso pansi.

Ukali wonse unatulukira pakamwa. "Menyanso ngati ukufuna, koma miyendo yawo usaigwire! Inu, bwererani kumbuyo! Iwe, vula jekete uwafunditse!" Ndinakuwa mpaka alonda a fakitale yoyandikana anasuzumira pampanda. Anthu anabwerera. Gift anandiwombanso kachiwiri, akulira, Ba Zulu n'kumugwira m'chiuno.

Pansi panga Ba Tembo ananong'ona, "Usandisiye, mwana wanga."

"Sindikusiyani, atate. Musagwedeze mutu, muzingondiyankha pakamwa."

Nsapato zinadzaza thukuta, koma manja sanasunthe. Ambulansi itafika anawaveka kolala m'khosi. Tinawatembenuza tonse pamodzi ngati chipika, mutu ukuyenda limodzi ndi thupi, n'kuwagoneka pathabwa ndi kuwamanga malamba. Wa ambulansi atanena kuti "Siya tsopano," zala zanga zinakana kutambasuka.

Kuchipatala anapeza kuti fupa la m'khosi lang'aluka, nthiti zina zathyoka, koma mtsempha uja sunakhudzidwe.

Mvula itayamba, tili pakati pokweza lole, tinamva mluzu pageti. Ba Tembo! Akulowa ndi miyendo yawo, pang'onopang'ono, opanda ndodo. Tinataya matumba, tinakuwa, madalaivala analiza mahutala. Gift anabwera kudzaima patsogolo panga, n'kutembenuza tsaya.

"Bweza mbama zija, mune, mnzanga. Ziwiri."

Ndinayang'ana manja anga, ndinayang'ana Ba Tembo ataima chilili. "Zisunge," ndinatero. "Tiye tikamalize lole."

Lero ndine wa chithandizo choyamba pamalo ponse, ndipo atsopano ndimawaphunzitsa ndekha kugwira mutu. Mtima ukadali wapachala, sindinama. Koma ukayamba kuwira, ndimafunsa kaye manja anga chimene agwira. Ndewu ndinapambanapo zambiri ku Twapia, koma imene ndimanyadira ndi ija ndinamenyedwa nditagwada.