Kufunafuna Chipinda cha Lachinayi

Anagogoda Lolemba m'mawa, mwezi wa Julayi, ndikuthira madzi m'ketulo. Pakhomo panali mlongo wanga wamkulu ndi amuna awiri ovala makoti oyera. Anati tikupita kuchipatala. Mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi, anali atapita kale kusukulu, ndipo sindinamutsanzike.

Sindibisa chimene anandigwirira. Ndine telala ku Kamwala, ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkasunga kabotolo ka kachasu pansi pa makina, m'kati mwa zidutswa za nsalu. Sabata ya m'mbuyo mwake ndinali nditaiwala mwanayo pasiteshoni ya mabasi, mpaka anthu achifundo anamubweretsa kwathu ku Chelstone. Abale anatopa nane, ndipo anali ndi chifukwa.

Galimoto sinapite kuchipatala. Inakaima ku Makeni, panyumba ya mpanda wautali imene mwini wake ankadzitcha mneneri. Anandilanda foni ndi nsapato. Mtumiki wake wina anandimanga unyolo kumwendo n'kuukhomera ku chitsulo cha bedi. "Osalila, amai," anatero. "Sitimanga imwe, timanga chamene chili mukati."

Tsiku lachiwiri manja anayamba kunjenjemera. Lachitatu ndinkaona nyerere zikutuluka m'khoma, ndipo ndinasanza mpaka magazi. Nditapempha dokotala, anati ndi chiwanda chikutuluka, n'kundiwonjezera masiku osala kudya. M'mawa uliwonse ankandikhazika pasimenti n'kundifunsa funso limodzi, kuti nditchule amene anandilodza. Ndikati palibe, ankatenga paipi ya madzi. Za paipiyo sindilemba zambiri. Dzanja langa lamanja silipindika bwino mpaka lero, ndipo nsalu ndimadula pang'onopang'ono.

Pabedi loyandikana ndi langa panali mayi wachikulire wa ku Luapula amene kale anali namwino. Iyeyo ndiye ankandimwetsa mobisa madzi a shuga ndi mchere. Sabata yachitatu, atatimasula kuti tichape mabulangete, anandiuza kuti ku Kabwata kuli chipinda cha tchalitchi kumene anthu ogwidwa ndi mowa amakumana Lachinayi lililonse masana, okhaokha, kumangouzana zoona. Iye anapitako zaka ziwiri osalawa ngakhale dontho. Atasiya kupita, anagwanso. "Mowa ukukudikilani pa geti, mwana wanga," anatero. "Kafuneni chipinda chija usanakupezeni."

Ndinatuluka Loweruka, patatha masabata asanu. Mayi anga aang'ono anabwera kudzandiona, anaona mwendo utatupa ndi mafinya, ndipo anakhala pansi pageti n'kunena kuti sachoka popanda ine, apo ayi abwera ndi apolisi. Pomasula loko, mtumiki uja anangoti, "Muzabwela futi. Onse amabwela." Za mayi wa ku Luapula ndinakanena kupolisi Lolemba lake. Apolisi atapitako anapeza abale ake atamutenga kale, ndipo sindinamuonenso.

Mwana anali kwa mlongo wanga, amene ananenetsa kuti sindimutenga mpaka aone kusintha.

Lachinayi loyamba ndinakwera basi ya ku Kabwata ndikutsimphina. Dzina la tchalitchi sindinkalidziwa. Ndinafunsa pamatchalitchi atatu, ndipo paliponse ndinayenera kunena ndi pakamwa panga chimene ndinali. Mayi wina wosesa anandiseka, nafunsa ngati akazi nawonso amamwa mpaka kufuna msonkhano. Pobwerera ndinaima pakhomo pa bala kwa nthawi yaitali, fungo likundikoka, mpaka kondakitala anaitana za ku Chelstone. Ndinalowa m'basimo n'kukakhala kumbuyo kwenikweni kuti ndisatsike msanga.

Lachinayi lachiwiri ndinakafunsa pakiliniki. Namwino anati anamvapo koma sadziwa malo. Mlonda wa pageti, amene anamva ndikufunsa, ananditsatira mpaka pamsewu. Motsitsa mawu anandiuza kuti gululo linasamukira ku Libala, kuseri kwa sukulu ya mkaka, ndipo amayamba 2 koloko. Ndinamufunsa kuti wadziwa bwanji.

"Ndine wa mwamene muja, amai," anatero. "Chaka chachinayi."

Ndinafika mochedwa. Munali anthu khumi ndi mmodzi pamipando ya pulasitiki, akazi awiri okha. Bambo wina wovala tayi, wa ku Kabulonga, ankafotokoza mmene ankabisira botolo m'thanki ya chimbudzi, ndipo onse ankaseka kuseka kwa anthu odziwa. Itafika nthawi yanga ndinangoti, "Ndimamwa, ndipo ndikufuna mwana wanga." Palibe anandilalikira. Mmodzi wa akazi aja anandilembera nambala yake padzanja, nandiuza kuti ndisamwe lero lokha, za mawa tidzaona mawa.

Papita miyezi khumi ndi inayi. Ndinagwa kamodzi, mu Disembala, ndipo Lachinayi lotsatira ndinakaulula ndekha. Mwana anabwerera kwathu Isitala itatha. Ndi mlongo wanga sitinamvanebe, chifukwa iye amati unyolo ndiwo unandichiritsa. Ine ndimadziwa kuti ku Makeni sindinamwe chifukwa ndinalibe kolowera, ndipo umenewo sunali ufulu. Ufulu ndinaudziwa pambuyo pake, bala ili pangodya, wondiletsa palibe, miyendo ili yanga. Lachinayi likafika ndimatseka shopu 1 koloko, makasitomala akudandaula za madiresi awo, n'kukakwera basi ya ku Libala.