Bambo wa Mavesi a pa Foni

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene amalondera ana pamene ife akuluakulu maso athu ali kwina.

Mng'ono wanga, mayi wamasiye, ankakhala ku Machinjiri ndi mwana wake wamkazi wa sitandade sikisi. Anadziwana ndi bambo wina pa intaneti. M'mawa uliwonse bamboyo ankamutumizira vesi pa foni. Lamulungu lina anafika kutchalitchi kwathu, ndipo atapatsidwa mpata wopemphera, amayi anzanga anachita kugwetsa misozi.

Ine chinkandivuta n'chakuti ankafunsa kwambiri za mwanayo: amaweruka nthawi yanji, amatsala ndi ndani mayi ake akapita ku geni. Ndinapempha kuti amalume akafunse mbiri ya bamboyo kumene ankakhala, monga timachitira mwamuna asanalowe m'nyumba.

"Achemwali, inunso!" anatero mng'ono wanga. "Munthu wopemphera chonchi mukamufufuze ngati wakuba?"

Amalume anati za pa foni sazidziwa. Mkulu wa mpingo anandichenjeza kuti ndisamaweruze. Onse anali atakhutira ndi pemphero limodzi lija.

Ndinakwera minibasi ndekha kupita ku Bangwe, kumene bamboyo anatchulapo kuti ankachita lendi. Pa kiyosiki ya madzi ndinaonetsa chithunzi chake kwa amayi amene ankatunga.

"Awa? Atuluka liti?" anafunsa mmodzi, akutula chidebe.

Anandiuza kuti anamangidwa chifukwa chogwiririra mwana wa mayi amene ankakhala naye.

"Ndiye mukudziwa nonse, osanena?"

"Tikanene kwa ndani, mayi? Munthu akasamuka, wasamuka."

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero. Bangwe yonse inkadziwa, Machinjiri ayi, ndipo panalibe poti munthu angafunse.

Nditamufotokozera zimenezi, mng'ono wanga analira, n'kumuuza bamboyo kuti asadzapondenso pakhomo pake. Ine sanandilankhule kwa nthawi ndithu, mwina chifukwa cha manyazi. Mkulu wa mpingo uja anangoti munthu amasintha. Chikhululukiro ndimachikhulupirira ndi mtima wonse, pakuti inenso ndimakhalira chomwecho. Koma sindinawerengepo paliponse kuti wokhululukidwa apatsidwe kiyi wa nyumba imene mukugona mwana.

Ndamva kuti bamboyo ali pa intaneti pomwepo, dzina lina, chithunzi china, mavesi omwewo.

Ambuye akutseguleni maso inu amene mukufuna banja, akupatseni mtima wosachita manyazi kufunsa, ndipo dzanja lawo liphimbe ana anu pamene inu palibe.