Mbale Imene Amayi Ankadyera pa Bwato

Mbaleyo ndikadali nayo. Ndi yachitsulo, yoyera, ya mkombero wabuluu, ndipo pansi pake inasupuka mpaka kuda. Ana anga anafunapo kuisandutsa yodyera galu. Ndinawauza kuti galuyo adyere m'mbale zawo zagalasi zija, iyi asaikhudze.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali mu Sitandade 3 ku Karonga boma. Bambo anali telala pakhonde la sitolo, ndipo nsalu zawo zambiri ankakagula kutsidya kwa Songwe. Mvula itangosiya, kunabwera galimoto m'mawa n'kuwatenga pamodzi ndi makina awo. Mlandu wake akuti m'mitolo ya nsalu ankabweretsamo mauthenga a anthu othawa m'dziko. Anawatsekera m'nyumba yakale yanjerwa imene poyamba ankasungiramo thonje, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Kumtunda kwake kunali mpanda ndi alonda. Kunyanja kunali khoma lalitali lokhala ndi kazenera kamodzi kazitsulo, m'mwamba.

Masiku amenewo tsoka la munthu linkaopedwa ngati chikuku. Anthu amene dzulo lake ankamwa tiyi pakhonde pathu anayamba kudutsa njira yakuseri. Pamsika amayi anawachotsa pamalo pamene ankagulitsira nthochi. Kusukulu aphunzitsi anandisamutsira kumbuyo kwenikweni, ndipo poitana mayina, langa ankalitchula mothamanga ngati likuwawotcha lilime. Sindiwada tsopano, nawonso anali ndi ana. Koma sindinganene kuti ndinaiwala.

Munthu mmodzi yekha ndiye anabwera, nesi wina wa ku Mulanje amene ankaitanidwa kukatsuka mabala m'nyumba ya thonje ija. Anafika masana ngati wofunsa nthochi, nakhala ndi amayi kuseri kwa khitchini. Zimene ananena ndinazimva nditakula. Bambo ankawafuna mayina a anzawo amene ankamvera nawo wailesi yakutsidya. Ndodo zitalephera, owafunsawo anapeza njira ina. Tsiku lililonse ankawauza kuti ana anu akufa ndi njala, kamnyamata kanu katupa mapazi, tchulani mayina mupite mukawadyetse. Nesiyo anati bambo ayamba kufooka. Anatinso akakwera pachidebe, amatha kuona nyanja pakazenera kaja.

Kuwaona sikunkaloledwa. Kalata ayi, chakudya ayi. Choncho amayi anaganiza zowaonetsa bambo, ndi maso awo, kuti ana awo akudya.

Nzeruyo anaitenga kwa azungu. Nthawi zina kunkabwera alendo ndi akuluakulu aboma, n'kukwera boti la injini masana, n'kumazungulira kutsogolo kwa tauni pang'onopang'ono, akudya, akuloza mapiri, wina atavula nsapato n'kumaviika phazi m'madzi. Ife ana tinkawathamangira m'gombe mpaka kutopa. Palibe amene ankawafunsa kanthu. Amayi anati ngati kudyera panyanja si mlandu kwa iwo, sikukhala mlandu kwa mkazi wa telala.

Amalume anali msodzi, ndipo anali ndi boti lamatabwa lopalasa. Atamva, anagwira kumutu. Mawu awo ndimawakumbukabe m'Chitumbuka chawo: "Mudumbu wane, utikomeskenge." Ankanena kuti mlongo wawoyo atiphetsa tonse. Koma Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, botilo linali pagombe, atalikolopa mamba onse.

Ine ndi mlongo wanga wamng'ono sitinauzidwe chilichonse. Tinangoona amayi atipaka mafuta mpaka kunyezimira, atativeka zovala za Khirisimasi zimene bambo anasoka, iwo atamanga duku lofiira looneka patali. Mumtanga munali mpunga wa kilombero, nthochi zophika zimene kwathu timati mbalaga, ndi nsomba yowotcha. Fungo la mpunga umenewo, likasakanikirana ndi fungo la phula la botilo dzuwa likamawotcha matabwa, mpaka lero sindinaliiwale.

Tinayambira kumpoto, kumene amayi ochapa amayanika zovala pamchenga. Amalume ankapalasa mwaulesi monga anawauzira. Amayi anakhala kutsogolo ngati mwini wake wa nyanja, n'kumatisonyeza zinthu zimene tinabadwa tikuziona. Awo ndi mapiri a ku Tanzania, taonani mmene aimirira m'madzi. Ilo ndi denga la tchalitchi chathu. Uwo ndi mlambe, iyo ndi mitengo ya migwalangwa, uko ndi kumene mtsinje umathira. Tauni yathu ndinali ndisanaionepo kuchokera pamadzi. Inkaoneka yaing'ono ndi yofatsa, yosati n'kuchitira munthu choipa. Ankaloza paliponse amayi, koma khoma la nyumba ya thonje sanalilozepo ngakhale kamodzi.

Komatu mpamene tinkaima. Tikafika moyang'anizana ndi khomalo, amalume ankaika nkhafi pamiyendo n'kunena kuti atopa. Amayi ankavundukula mtanga. Ankatikhazika pathabwa lapakati, nkhope kugombe, dzuwa lili pamutu. "Ryani pachokopachoko," ankatero, tidye pang'onopang'ono. Dzanja lizikwera bwino, lioneke. Tikamaliza, mlongo wanga ankamuimiritsa, n'kumukweza malaya kuti amupukute mimba imene sinadetsedwe n'komwe. Ine ankandiuza kuti ndiimbe nyimbo yakusukulu. Kenako tinkapitirira mpaka kumabango a kummwera n'kubwerera.

Ine ndinkaona ngati talemera. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti kulemerako kunkabwera Lamulungu lokha. Masiku ena onse tinkadya phala lachinangwa ndi chigwada chopanda mchere. Amayi ankapita kukamweta mpunga wa eni ake cha ku Lupembe, kumene anthu sankawadziwa nkhope, n'kubwerako miyendo itang'ambika ndi matope, atanyamula kampunga kamalipiro pamutu. Mpungawo sunkakhudzidwa. Ndinaulirirapo Lachitatu lina, amayi anandiyang'ana mpaka ndinasiya ndekha.

Tauni sinachedwe kutipatsa dzina. Tikamatsikira kugombe, anyamata osoka maukonde ankakuwa kuti azungu a kwa telala afika. Kuchitsime amayi ena ankanena mokweza kuti mkazi wamtundu wanji amene mwamuna wake ali m'zingwe iye ali pa holide. Ena ankati wapenga, ena ankati wapeza wina. Lamulungu lotsatira amayi anga ankangowonjezera ndolo.

Tsiku lina tinapeza atcheyamani a chipani atatidikirira pagombe, ali ndi achinyamata awo a malaya ofiira. Anali munthu wamfupi wokonda kulankhula Chichewa pagulu, ngakhale ndi anthu amene anakulira nawo limodzi. Anafunsa makhadi a chipani. Amayi anatulutsa lawo, la amalume, langa ndi la mlongo wanga amene anali asanayambe n'komwe sukulu. Anafunsa zimene zili mumtanga. Amayi anavundukula.

"Nanga mukupita kuti ndi chakudya?"

"Kukaona dziko lathu lokongola, bwana. Si paja mumatiuza pamsonkhano kuti tikudya n'kukhuta? Tikufuna anthu aone."

Mnyamata wina anaseka, n'kusandutsa chifuwa msanga. Atcheyamani anayang'ana uku ndi uku. Kuletsa kukanakhala kuvomera kuti m'dzikomo muli njala, ndipo mawu amenewo ngakhale iwo akanagona nawo m'nyumba ya thonje. Amayi anawatambasulira nthochi imodzi ndi manja awiri, atagwada pang'ono, ulemu wonse. Sanailandire. Ife tinakwera boti.

Ndimanyadira tsiku limenelo, koma linatidyera zambiri. Sabata yomweyo amalume anapeza maukonde awo atadulidwadulidwa pamchenga, botilo litabooledwa pansi. Anabwera kunyumba maso ali pansi, nati iwo afika pamapeto, ali ndi ana awo. Nsomba zaulere zinathera pomwepo. Nesi uja nayenso anamusamutsa mwadzidzidzi, moti panalibenso wotiuza ngati bambo akadakwerabe pachidebe, ngakhale ngati akadali m'nyumbamo. Ndipo mwera unali utayamba, mphepo ija imene imatembenuza nyanja kuyambira m'mawa.

Aliyense wanzeru akanasiya. Amayi anapita kwa nkhalamba ina imene inali ndi bwato lakale logoba, lokhota, lomata ndi nsanza, n'kulibwereka. Kwathu mkazi sankapalasa bwato. Ankati likhala ndi tsoka, nsomba zilithawa. Amayi anati bwatolo nsomba zinalithawa kale iwo asanabadwe. Gombe lonse linaima kuonerera mmene analikankhira m'madzi, chitenje atachimanga m'chiuno ngati wopita kumunda. Poyamba tinangozungulira pamalo amodzi, anthu akufa nacho chiseko. Kenako linawongoka.

Maulendo amenewo sanalinso okoma. Mafunde ankamenya m'mbali, madzi akulowa, ine ndikukapa ndi chikho, mlongo wanga atandigwira diresi. Koma amayi sanadumphe chilichonse. Awo ndi mapiri a ku Tanzania. Ilo ndi denga la tchalitchi. Anali atatopa, koma ankaloza ndithu, ndipo pakhoma paja ankaponya mwala womanga chingwe kuti bwato liime.

Mpamene ndinayamba kuona za mbale. Chakudya chinali chitachepa, kampunga ndi tiusipa towerengeka, nthawi zina kansomba kamodzi kogawana awiri. Amayi ankatigawira ife zonse. Kenako ankatenga mbale yawo yoyera ija, n'kuiika pamiyendo, n'kusamba m'manja m'nyanja. Ankapisa dzanja m'mbale yopanda kanthu, n'kumbumba, n'kukweza kukamwa, n'kutafuna. Ankatafuna modekha, kumeza, kupukuta pakamwa, nthawi zina n'kugwedeza mutu ngati chakoma. Pomaliza ankatsuka mbaleyo m'madzi, mbale imene sinakhudze chakudya.

Tinapitiriza choncho mpaka mwera unatha, kutentha kunayamba. Ndiye mlonda wina, ataledzera pamowa, anaulula kuti telala uja anamutumiza kummwera kalekale. Liti, sananene. Mwina masabata angapo omalizawo tinkadyera khoma lopanda munthu wathu. Amayi atamva anadzuka n'kukaphika mpunga wonse umene unatsala. Linali Lachinayi.

Bambo anabwerako ine nditayamba sekondale. Anali atatha, mano akutsogolo palibe, ndipo sankatha kukhala m'chipinda chotseka chitseko. Dzina la munthu sanatchule ngakhale limodzi. Anzawo a wailesi aja anakalamba m'nyumba zawo, ena osabwera n'komwe kudzawalonjera. Za kundende sankakamba. Koma tsiku lina masana tikudya pansi pa mtengo wa mango, anaona mbale ija ili ndi ndiwo, naiyang'ana kwa nthawi.

"Mbale iyi inkakhala yopanda kanthu," anatero.

Amayi anakana. Anati patali ponse paja, pakazenera ngati kaja, munthu angaone bwanji za m'mbale?

"M'mbale sindinkaonamo. Koma ana ankataya minga m'madzi. Inu simunatayepo munga ngakhale umodzi."

Amayi anasiya kudya. Kenako anakwiya, mkwiyo weniweni, ngati munthu amene waberedwa. Anati ndiye kuti munkadziwa kuti kunyumba kulibe chakudya, ndiye kuti ndinkavutikira chabe, nanga bwanji simunawapatse mayina awowo n'kubwera?

Bambo anati: "Munthu wapalasa bwato pamwera kudzandinamiza ine. Ndikanamuchititsa manyazi bwanji?"

Zonsezi ndi za pambuyo pake. Mwana amene anali m'bwato uja sankadziwa za kazenera, za chidebe, kapena za mayina. Iye ankangoona mayi wamkulu akusewera masanje pakati pa nyanja, ndipo zinkamunyansa. Lamulungu lina chakumapeto, njala itandipweteka, ndinamaliza kampunga kanga msanga n'kunena mwamwano kuti popeza zanuzo sizikutha, mundigawireko. Amayi sanandikalipire. Anapisa dzanja m'mbale, n'kumbumba bwinobwino, n'kuika m'dzanja langa kanthu kopanda kanthu, n'kundipinda zala.

"Tafuna," anatero. "Yang'ana kugombe."

Ndinakweza dzanja kukamwa. Ndinatafuna mphepo, misozi ili m'maso, nditayang'ana khoma lanjerwa, ndipo mumtima ndinalumbira kuti ndikadzawaona bambo ndidzawanenera zonse zimene amayi ankatichita.