Mizere Isanu ndi Iwiri ya Sajeni

Ku ofesi ankawatcha Mayi Khwatcha, ndipo iwo ankavomera. Asanabwere kumeneko anaphunzitsa sukulu zaka zambiri, mpaka fumbi la choko linawawononga pakhosi, dokotala n'kuwaletsa kuimanso pa bolodi. Ndiye anapeza ntchito pa kampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku, pamwamba pa sitolo ya matayala. Kampaniyo inkakonza buku lalikulu la mbiri za anthu odziwika, lija ophunzira amati insaikulopediya. Ntchito ya mayiwa inali kufufuza ngati zolembedwazo zinali zoona. Chopanda umboni ankachikhwatcha ndi bolopeni yofiira, ngakhale wolembayo akhale pulofesa.

Lamulo la bukulo linali lakuti munthu asalowemo popanda maumboni awiri osakoperana.

Lolemba lina mkonzi wamkulu anaponya fayilo pa tebulo pawo. Inali ya Sajeni wina amene anafa pa nkhondo zaka makumi awiri m'mbuyomo.

"Buku likupita kosindikiza Lachisanu, mayi. Uyu ndi wosavuta. Nyuzipepala zisanu zinalemba za iye. Ingosainani."

Nyuzipepalazo zinkati Sajeni anatchinga mlatho yekhayekha, n'kupha adani makumi anayi asanagwe. Mayi Khwatcha anaziyala zonse zisanu pa tebulo, n'kumawerenga chala chili pa mzere. Zonse zinalakwitsa tsiku mofanana, zinalemba pa 31 mwezi wothera pa 30. Atafufuza m'fayilomo anapeza kumene cholakwacho chinachokera: lipoti la mkulu wa gulu la Sajeniyo.

"Bwana, apa pali umboni umodzi wovala malaya asanu."

Mkonzi anavula magalasi. "Mukudziwa kuti amene analemba lipotilo ndi munthu wamkulu bwanji masiku ano? Musandiputire mavu."

Panja pa chitseko, pa benchi ya alendo, panali mayi wina wachikulire atafukata chithunzi cha m'felemu. Anali mlongo wake wa Sajeni. Anamva kuti dzina la mchimwene wake likukambidwa, ndiye ankabwera m'mawa uliwonse, osapempha kanthu, kungokhala. Mayi Khwatcha akamadutsa, iye ankaimirira.

"Zili bwanji, mayi? Achimwene alowa?"

"Tikuonabe, achemwali."

Lachitatu anamufunsa ngati panali wina amene anali ndi Sajeni tsiku limene anafa. Mlongoyo anaganiza kanthawi, kenako anatchula bambo wina wosoka nsapato kuseri kwa depoti ya mabasi. Anati bamboyo anabwera pa maliro ali pa ndodo, koma sanayankhule ndi aliyense.

Mayi Khwatcha anamupeza bamboyo pansi pa khonde la sitolo yotsekedwa, atazunguliridwa ndi nsapato zakutha, mwendo wa thalauza wakumanzere ataupinda n'kuumanga ndi pini. Atamva dzina la Sajeni anapitiriza kusoka ngati sanamve.

"Mwatumidwa ndi ndani?"

"Palibe. Ndikufuna kudziwa za anthu makumi anayi aja."

Bamboyo anaseka kuseka kosatulutsa mano. "Makumi anayi! Mayi, tsiku lija Sajeni sanaombe ndi chipolopolo chimodzi chomwe. Mfuti anaisiya pansi kuti manja apeze ponyamulira."

Anafotokoza maso ali pa nsapato. Gulu lawo linatsekerezedwa tsidya lina la mtsinje. Mkulu wawo analamula kuti onse othamanga awoloke, ovulala asiyidwe. Ovulalawo analipo anayi, iye mmodzi mwa iwo. Sajeni anawoloka ndi anzake, kenako anatembenuka, mkuluyo akumukalipira. Anabwerera katatu, ulendo uliwonse n'kubereka munthu kumsana. Ulendo wachinayi sanafike n'komwe pakati pa mlatho.

"Ine ndinali wachiwiri. Ndinamusanzira m'khosi, iye n'kumati, 'Iwe, malaya ndi a boma awa.' Nkhani ya makumi anayi anaipeka ndi mkulu uja kuti anthu asafunse chimene Sajeni ankafuna pa mlatho yekha."

"Mungasaine zimenezi?"

Singano inaima. "Ndili ndi ana, mayi. Malo ano ndimangokhala mwa chifundo cha eni ake."

Mayi Khwatcha sanamukakamize. Anakhala pa kampando ka makasitomala, chikwama pamiyendo, mabasi akulowa ndi kutuluka. Patapita nthawi bamboyo anapukuta manja pa epuloni.

"Woyamba uja anamwalira. Wachitatu alipo, ndi mlonda pa sukulu ina. Akasaina iye, nanenso ndisaina."

Lachinayi lonse linathera pa mlondayo. Mayi Khwatcha sanamuuze zimene anamva kwa wosoka nsapato, anangomufunsa. Nkhani inatuluka yomweyo, kusiyana kwake kunali kwakuti mlonda ankati kunkagwa mvula pomwe mnzake ankati kunali dzuwa. Onse awiri anasaina.

Lachisanu m'mawa Mayi Khwatcha anayamba ndi mlongo uja, pa benchi pomwepo. Anamuuza zonse. Nkhope ya mayiyo inauma.

"Ndiye mukuti achimwene anga sanamenye nkhondo?"

"Ndikuti anapulumutsa anthu atatu."

"Amayi athu anamwalira akunyadira makumi anayi amenewo. Adzukulu awo amawatchula kusukulu. Inu mwabwera dzulodzuloli, mukufuna kuwavula munthu ali m'manda?"

Mayi Khwatcha anamusiya pa benchipo. Analowa m'chipinda cha msonkhano.

Komiti inali ya anthu asanu, iwo ndi mkonzi omwe. Mmodzi anati msilikali wosaomba mfuti si ngwazi ya nkhondo, asilikali akufa ndi ambirimbiri, buku silingawakwane. Wina anati alembe za nyuzipepala zija basi, ndani angadandaule? Mkonzi anawerenga makalata awiri amene mboni zija zinasaina kawiri, thukuta likutsika m'khosi.

"Alowe, koma mawu akuti 'atalamulidwa kusiya ovulala' achoke. Tingoti anabwerera kukatenga anzake."

"Mukachotsa amenewo, bwana, owerenga adziwa bwanji kuti munthuyu anachita chachilendo? Kunyamula wovulala ndi ntchito ya msilikali aliyense. Iyeyu anakanizidwa, n'kupitabe."

"Nanga akatitengera kukhoti?"

"Mboni zilipo ziwiri, zamoyo. Dzina la mkuluyo sindinalembe. Koma mukachotsa mzerewo, pa fayilo iyi musainepo nokha."

Pansipo makina opopera matayala ankachita phokoso. Anavota pokweza manja. Awiri anakana. Mayi Khwatcha ndi mayi wina wa zithunzi anavomera. Mkonzi anayang'ana kudenga, n'kukweza dzanja pang'ono, ngati munthu woimitsa basi imene sakufuna kukwera.

Sajeni analowa m'bukumo ndi mizere isanu ndi iwiri, mawu aja akuti 'atalamulidwa kusiya ovulala' ali momwemo. Mlongo wake anali atapita kale pamene msonkhano unkatha, ndipo sanabwerenso ku ofesiko. Buku litatuluka kunabwera matelefoni aukali kwa milungu itatu, koma kukhoti sikunapite munthu. Chaka chitatha, kampani inauza Mayi Khwatcha kuti ntchito yawo yatha, popanda kunena chifukwa.

Masiku ano amakonza zolakwika m'mabuku a ana a sukulu, pa tebulo la kunyumba kwawo, mdzukulu wawo wamkazi akuwalowetsera m'kompyuta. Maso ayamba kuwavuta. Za Sajeni sakonda kukamba. Mwana wawo wamkulu atawafunsa tsiku lina ngati amanong'oneza bondo, anati ntchito ija saidandaula, koma mlongo uja akanamuuza ali m'nyumba, atakhala pansi bwinobwino, osati pa benchi anthu akudutsa.