Chikho Choyamba cha a Techera

A Ruben Techera anayendetsa basi ya pakati pa mizinda ya Durazno ndi Montevideo zaka makumi atatu osagunda ngakhale nkhuku. Maso anali nawo akuthwa ndithu, koma a pamsewu basi. Kunyumba ankangotambasula dzanja, khutu lili ku wailesi, chikho cha tiyi wa yeriba n'kufikamo chokha. Wothira anali mkazi wawo, a Nélida, ndipo wothira ndiye amamwa chikho choyamba, chowawa chija, kuti mnzake alandire chokoma.

M'mawa wina chaka chatha chikho chinabwera chikunjenjemera, madzi n'kuwatayikira pathalauza. Anakalipa osacheuka, napitiriza kumvera za mpira. Pomwe ankatembenuka, patatha ola lathunthu, pakamwa pa a Nélida panali patapotoka. Dokotala anati sitiroko imafuna kuthamangira, ndipo dzanja lamanja silidzagwiranso ntchito. Za ola lija a Techera sanauze munthu, ngakhale mwana wawo. Chikho chinakwezedwa pashelefu, ndipo mkuluyo anayamba kusowa tulo.

Nesi wa pachipatala cha m'dera lawo anawalembetsa m'gulu la okalamba ophunzira kukhazika mtima pansi. Anapita monyinyirika, amvekere munthu wa zaka 76 sangaphunzitsidwe kupuma mpweya ngati wabadwa dzulo. Mphunzitsi wawo, a Mabel, ankawakhazika pamipando, maso ali chitsekere, aliyense kumvetsera mpweya wake ukulowa ndi kutuluka. Ena ankafika poliza mkonono. Koma a Techera akangotseka maso, kunkabwera chikho chonjenjemera chija. Atadandaula, a Mabel anati asamachithamangitse, azingochiyang'ana uku akupuma. Anawapatsanso ntchito ya kunyumba, yoti asankhe kanthu kamodzi ka tsiku ndi tsiku, akakachite maganizo onse ali pomwepo.

Anazengereza milungu iwiri. Lachinayi lina m'mawa anazimitsa wailesi, natsitsa chikho. Anaikamo masamba a yeriba ndi kapaipi kake koyamwira, anathira madzi, n'kumwa choyamba. Chinawawa mpaka misozi inalengeza, ndipo manyazi anawagwira kwambiri, poti zaka makumi asanu ali m'banja anali asanachilawepo. Chachiwiri anachipereka ndi manja awiri, akuwayang'ana akazi awo kumaso.

"Tsiku lija sindinacheuke, Nélida. Ola lathunthu."

"Ndikudziwa, mdala. Ndinalipo."

A Techera anafuna kuzolika, koma anapuma monga anaphunzitsidwira, osachotsa maso pankhope yopotokayo.

A Nélida anayamwa pang'ono ndi mbali yabwino ya pakamwa, nachita tsinya. Anati madzi awawiritsa mopitirira, masamba apserera, ndipo zoterezi ngakhale kondakitala waludzu sangamwe. Komabe anamwa mpaka kapaipi kanalira, n'kubweza chikho ndi dzanja lamanzere.

"Thiraninso," anatero. "Ndipo mawa choyamba ndi chanunso."